Tisanafunse za malata, tifunse za matabwa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga: Ambiri mwa inu tsopano mukumanga. Ena mukumanga nyumba zanu ku Liwonde, ku Ntaja kapena ku Balaka, ena muli m'makomiti a sukulu ndipo makolo akupatsani ndalama zawo kuti mufolere buloko. Funso lomwe mumandifunsa kawirikawiri ndi la malata: tigule geji 28 kapena 30? Za matabwa palibe amene amafunsa. Komatu malata amagona pa matabwa, ndipo matabwawo akaola kapena akadyedwa, ngakhale malata okhuthala chotani mphepo imanyamula.

Makolo athu vuto limeneli analibe kwenikweni, chifukwa mitengo yomwe ankamangira inkadziteteza yokha. Tsanya, womwe wachuluka m'chigwa cha Shire, chiswe chimaulephera. Mlombwa nawonso chimodzimodzi. Mkungudza wa ku Mulanje unkafunidwa pa chifukwa chomwechi, mpaka unatsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Lero tsanya wambiri watsala m'malo otetezedwa ngati Liwonde National Park, ndipo nkhalango za Liwonde ndi Malosa zapita ndi makala. Chomwe tatsala nacho pa msika ndi paini wochokera ku Zomba, ku Dedza kapena ku Chikangawa, bulugamu ndi malaina. Iyi ndi mitengo yokula msanga. Ndi yabwino, koma imafuna kuisankha ndi kuiteteza.

Choyamba ndi kusankha. Musatume mwana, pitani nokha ndi mmisiri wanu, ndipo thabwa lililonse mulitembenuze. Yang'anani mfundo, paja pamene panali nthambi. Mfundo yaing'ono pakati pa thabwa ilibe vuto, koma yaikulu yomwe ili m'mphepete imafooketsa thabwalo, makamaka ikakhala kunsi komwe thabwa limakokeka likasenza katundu. Yang'anani mizere ya mtengo: ikhale yotsata utali wa thabwa, osati yopingasa. Ikani diso kumapeto kwa thabwa ngati mukuloza ndi uta, muone ngati lapindika. Lomwe lili ndi khungwa m'mbali kapena ming'alu italiitali, lisiyeni. Tengani tepi muyeze, chifukwa pali ma 2 by 6 ena omwe ndi 2 by 6 pa dzina pokha. Ku South Africa paini womangira amamudinda chizindikiro cha mphamvu yake, monga S5 kapena S7. Pa misika yathu ya m'mbali mwa msewu chidindo mulibe, ndiye chidindo chanu ndi maso anu.

Chachiwiri ndi kuuma. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo likamauma lili padenga limapindika n'kusiya misomali ili gwedegwede. Bulugamu ndiye amanyanya, amang'aluka. Gulani matabwa nthawi ikadalipo, muwasanje pa mthunzi pamalo okwera, muike timitengo pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo izidutsa. Mankhwala nawonso salowa bwino m'thabwa lomwe ladzaza kale madzi.

Chachitatu ndi mankhwala, ndipo apa mpamene timanamizana kwambiri. Pa sukulu ina yomwe ndinaphunzitsako, tili pa msonkhano wokonza zomanga, asungichuma athu anati ndalama ya mankhwala tiichotse pa bajeti, tingopempha oyilo wakuda ku garaja. Mmisiri wathu, bambo achikulire ndithu, sanatsutse. Anangoti, "Amayi, tiyeni kaye ku buloko yakale ija." Atakwera pa desiki anatenga msomali n'kubaya mtanda umodzi ndi dzanja chabe. Msomali unalowa ngati ukulowa m'mbatata yophika, ndipo dothi linatsika pamutu pathu. Kunja mtandawo unali wakuda bwinobwino ndi oyilo, mkati munali mphako. Pansi pake pankakhala ana a Fomu 1 tsiku ndi tsiku. Paja akuluakulu amati chiswe chikaboola chikwa, chayambira patali.

Kupaka ndi burashi kumangoteteza khungu la thabwa. Mankhwala ngati Solignum amathandiza, makamaka mukapaka kawiri pa thabwa louma, mbali zonse zinayi, lisanakwere padenga. Kuviika m'mankhwala kumaposa kupaka. Koma chitetezo chenicheni ndi cha matabwa omwe analowetsedwa m'thanki yotseka n'kupoperedwa mankhwala ndi mphamvu mpaka mkati. Mapolo a ESCOM aja amakhala m'dothi zaka zambiri chifukwa cha njira imeneyi. Matabwa othiridwa mankhwala a CCA amaoneka obiriwirako. Paini amamwa bwino mankhwalawa, pomwe bulugamu amangomwa kunja kokha, mtima wake salola.

Komanso si othiridwa onse omwe ali ofanana. Pa muyezo womwe amatsata ku South Africa, H2 ndi thabwa la mkati mwa nyumba losakhudza dothi, monga la denga. H3 ndi la panja lomwe limanyowa ndi mvula koma silikhudza pansi. H4 ndi lozika m'dothi, monga nsanamira za khonde kapena mpanda. Mukazika la H2 pansi, musadabwe likaola. Funsani wogulitsa, ndipo ngati mukukayika dulani kachidutswa muone ngati mtundu wa mankhwala wafika mkati kapena ndi utoto chabe. Paliponse pomwe mmisiri wadula kapena kuboola, apakenso mankhwala, chifukwa pamenepo ndiye pakhomo pa chiswe.

Chenjezo limodzi kwa inu a m'masukulu: zidutswa za matabwa a CCA musazipereke kukhitchini. Muli poizoni wa arsenic, ndipo amatsala mu utsi ndi m'phulusa. Musaphikire phala la ana, musathire phulusa lake m'dimba.

Pomaliza, thabwa labwino limafunabe kumangiriridwa. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anatiphunzitsa zambiri, koma kuno kwathu ngakhale mphepo ya mvula zoyamba imasasula madenga chaka ndi chaka. Mitanda imangidwe ndi waya wokhuthala wozikidwa m'khoma mizere ingapo ya njerwa kuchokera pamwamba. Kenako teremu iliyonse munthu mmodzi azungulire makoma kufunafuna tinjira ta dothi tomwe chiswe chimamanga pokwera, ndipo chulu chilichonse chapafupi chikumbidwe.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta. Makolo amaumba njerwa ndi thukuta lawo, amagulitsa nandolo ndi thonje kuti asonkhe. Chifukwa cha chimenechi sitiyenera kuwasonkhetsa kawiri pa denga limodzi. Ngati ndalama yachepa, chedwetsani penti, chedwetsani siling'i, koma matabwa musanyengerere. Penti mudzapaka chaka chamawa. Mtanda ukakwera wakwera.

Inu amene mukumanga chaka chino, ndiuzeni mitengo ya matabwa kwanuko ndi komwe mwapeza othiridwa bwino, kuti tithandizane.