Lenzi ya zoom kapena ya prime: mmene timasankhira kuthengo la ku Chiputo

Wojambula mbalame ku Chiputo, m'boma la Maravia, amagwira ntchito ndi miyendo. Ku Liwonde ndi ku South Luangwa ambiri amajambula ali m'galimoto, kamera itatsamira pawindo, koma kuno timalondola tinjira ta ofula njuchi ndi ozula bowa, katundu yense ali paphewa. N'chifukwa chake ife tikamasankha lenzi timaganizira msana, kuwala, fumbi ndi thumba lomwe.

Lenzi ya zoom ndi ija munthu amapotokola kuti chinthu chibwere pafupi kapena chibwerere, tinene kuchokera pa 150mm kufika pa 600mm. Ya prime ili ndi muyeso umodzi. Ikakhala ya 400mm ndi 400mm basi, ndipo wofuna kuti mbalame ikule m'chithunzi ayenera kusendera yekha.

Boma lathu lili ndi malo a mitundu iwiri ojambulirako. Kumpoto, cha kumalire ndi Zambia, kuli nkhalango za mombo, tsamba ndi masuku. Kum'mwera kuli nyanja ya Cahora Bassa, imene inayamba kudzaza damu la ku Songo litatsekedwa mu 1974. Mbalame za malo awiriwa sizichita zofanana, ndipo lenzi imene imakondweretsa mwiniwake kunyanja imamutopetsa kunkhalango.

Kunyanja zoom ndiye mwini bwalo. Nkhwazi ikatera pamtengo wouma patali, wojambula amatambasula lenzi mpaka 600mm. Koma ikangoti phaa kulunjika nsomba cha kumene iye ali, mapiko ake, amene amafika mamita awiri ikawatambasula, sakwananso m'chithunzi. Wa zoom amabweza msanga pa 300mm n'kuitenga yathunthu ndi madzi omwe; wa prime amapita kunyumba ndi chithunzi cha nkhwazi yoduka mapiko. Akakowa akatera gulu, kapena nantchengwa akamayenda m'mbali mwa bwato la asodzi, zoom imalola kuti malowo aonekenso. Kwa wophunzira ilinso ndi ubwino wina: amayamba waipeza mbalame lenzi ili pa muyeso wochepa, kenako n'kuikoka. Kufunafuna kambalame m'masamba ndi lenzi ya 500mm kuli ngati kusuzumira nyerere kudzera mu bango.

Mitengo ya zoom ndi imene inatsegulira ambiri khomo la ntchitoyi. Tamron inatulutsa 150-600mm kumapeto kwa 2013, Sigma n'kutsatira mu 2014, Nikon n'kubweretsa 200-500mm mu 2015, ndipo Sony inadza ndi 200-600mm mu 2019. Zonsezi zinatuluka pamtengo wa pakati pa madola 1,000 ndi 2,000. Prime yaikulu ya 600mm f/4, ija amanyamula ojambula za mpira, imapitirira madola 12,000 ndipo imalemera makilogalamu atatu kapena kuposerapo. Imeneyo wojambula mongokonda aiiwale.

Tikalowa m'nkhalango nkhani imasintha. Mbalame za m'mombo zimakonda kuyenda m'magulu osakanikirana, makamaka m'chilimwe: mnthengu, agogomole, achoso ndi tina ting'onoting'ono, zonse zikusaka tizilombo m'nsonga za mitengo. Thengo limatha kukhala zii kwa nthawi yaitali, kenako gulu n'kufika, ndipo silichedwa kudutsa. Wojambula amalithamangira, lenzi italoza kumwamba, popanda mpata woimika miyendo ya kamera. Apa m'pamene kulemera kumaonekera. Zoom ya Sigma ija yopepukirako imalemera pafupifupi makilogalamu awiri, ya Nikon 2.3. Koma Canon 400mm f/5.6, imene inatuluka mu 1993, ndi makilogalamu 1.25, Nikon 500mm f/5.6 PF ya mu 2018 sifika kilogalamu ndi theka. Nikon 300mm f/4 PF ndi magalamu 755 okha. Mkono ukatopa umanjenjemera, ndipo chithunzi chimatuluka chambuu. Prime imagwiranso mbalame msanga ndipo nthenga zimaoneka imodziimodzi. Zoom zambiri zimafookerako zikafika kumapeto, pa 600mm, pomwe ife timazifunira kwambiri.

Pa nkhani ya kuwala munthu asanamizidwe ndi dzina lakuti prime. Nambala ija ya f ikachepa ndiye kuti chiboo cha lenzi n'chachikulu. Lenzi ya f/4 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa ya f/5.6, koma kusiyana kwa f/5.6 ndi f/6.3 n'kochepa kwambiri. Canon 800mm f/11 ya mu 2020 ndi prime yopepuka, komabe imalowetsa gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala kwa f/5.6. Padzuwa la kunyanja imagwira bwino. Pansi pa mitengo mbandakucha imavutika, poti mbalame youluka imafuna shutter ya 1/2000 ya sekondi ndipo yotera imafuna pafupifupi 1/500 lenzi ikakhala m'manja.

Fumbi nalo lili ndi mawu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imanyamula dothi ndi phulusa la lupsa, ndipo zoom imene imatalika ikamapotokoledwa imapuma mpweya umenewo. Prime zambiri sizitalika, monganso Sony 200-600mm imene magalasi ake amayendera m'kati. Dzinja likafika mdani ndi chuku chomera pagalasi. Ine ndimasunga malenzi m'chigubu chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silica gel, chifukwa okonza zinthu zotere ali kumizinda ikuluikulu, kutali ndi kuno.

Pali chinthu chimene lenzi iliyonse imalephera. Mu Okutobala dzuwa likakwera, mpweya wapansi umachita kuwira, ndipo nkhanga imene ili patali imatuluka yosungunuka ngakhale lenzi ikhale yodula chotani. Mankhwala ake ndi kulawirira ndi kuyandikira. Wojambula amakhala pansi pafupi ndi chithaphwi, atavala zosawala, n'kudikira kuti njiwa ndi nkhwali zibwere zokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chisa chokha asachiyandikire, chifukwa make akathawa mazira amapsa ndi dzuwa.

Ndimaikonda ntchitoyi chifukwa mbalame za kuno sizijambulidwa kawirikawiri. Buku la Vincent Parker la mu 2005 linasonyeza kumene mbalame za chigawo chapakati cha Mozambique zimapezeka, kuphatikizapo kuno ku Tete, koma papita zaka ndipo nkhalango zikusintha. Chithunzi chomveka bwino, chokhala ndi tsiku ndi malo, ndi umboni.

Ine kunkhalango ndimatenga prime yopepuka, kunyanja ndimatenga zoom. Koma amene ndalama zake zikukwana lenzi imodzi ayambe ndi zoom ya 150-600mm, ajambule nayo chilimwe ndi dzinja, kenako aone pakompyuta muyeso umene zithunzi zake zabwino zinatengedwera. Zikapezeka kuti pafupifupi zonse zili pa 500mm kapena 600mm ndipo phewa likudandaula, nthawi ya prime yakwana. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, aunike tochi m'galasi asanapereke ndalama. Akaona timizere tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku ndipo lenziyo aisiye.