Phiri la Chambe ndi Phiri la ku Cape Town

Kuno ku Chambe, m'boma la Mulanje, dzuwa limachedwa kutiwomba chifukwa phiri linatitchinga kum'mawa. Nsonga yake ndi yotalika mamita 2,557. M'munsimu mukuyenda mtsinje wa Likhubula, umene madzi ake masiku ano amafika mpaka ku mipope ya ku Blantyre.

Komabe achinyamata athu ambiri maso ali ku phiri lina, Table Mountain, la mumzinda wa Cape Town ku South Africa. Pa Facebook amaona anthu atakhala pakhonde ku Sea Point kapena ku Camps Bay, kompyuta pamwendo, nyanja patsogolo. Anthuwa amagwirira ntchito makampani a ku London kapena ku New York kudzera pa intaneti. Malipiro amabwera mu mapaundi kapena madola, pomwe pogula amalipira ma Rand, motero ndalama zimawachulukira. Ife amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tikudziwa mphamvu ya dola.

Moyo umenewu ulipodi, koma khomo lake ndi lopapatiza. Mu 2024 boma la South Africa linakhazikitsa viza ya anthu otere, ndipo wofuna kuipeza ayenera kumalandira ma Rand oposa 650,000 pa chaka kuchokera kunja. Abale athu ambiri amene ali mumzinda womwewo sali m'gulu limeneli. Amasamalira maluwa, kuphika ndi kulera ana m'nyumba za eni ndalama, madzulo n'kukagona ku Dunoon kapena ku Masiphumelele, m'tinyumba ta malata. Kandalama ka pa Mukuru kamene timalandira kuno kamachokera m'thukuta lotere. Alendo olemera akamachuluka lendi imakwera, ndipo woyamba kulira ndi wosauka.

Ngakhale wolandira zambiriyo, thupi limamulipiritsa. Amakhala pampando tsiku lonse, ndipo ngati abwana ake ali ku New York, kumene nthawi imatsalira ndi maola 6 kapena 7, amaweruka pakati pa usiku. Kusagona mokwanira, kusayenda ndi kudya zogula zamafuta zimaitana BP ndi shuga. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kumeneko amalipira kuti akachite zimenezi ku jimu. Kuno mphindi zimenezi zimakwana ndi khasu, kapena ndi ulendo umodzi wopita ku Dziwe la Nkhalamba ndi kubwerako. Nawo madzi sagulika ndi dola nthawi zonse: mu 2018 chilala chitavuta, aliyense ku Cape Town ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku.

Sitikunena kuti kuno ndi ku Edeni ayi. Namondwe wa Freddy anatisiyira maliro ndi minda yodzaza miyala mu March 2023. Ntchito n'zosowa, feteleza ndi wodula, ndipo kukongola kwa phiri sikulipira fizi. Wachinyamata wofuna kutukuka sakulakwa.

Chimene tikupempha n'chakuti ayambe wafunsa asanakwere basi. Ntchito za pa intaneti zimafuna luso, Chingelezi chabwino ndi mapepala oyenera, ndipo luso limeneli angathe kuyamba kuliphunzira ali konkuno. Asagulitse munda chifukwa cha chithunzi. Inu makolo, musamakakamize mwana kupita ku Joni poona malata atsopano pa nyumba ya mnzanu.

Kwa inu amene zinakuyenderani kunjako, tikukondwera nanu. Muzidzuka pampandopo, muzigona nthawi yabwino, muzipuma tsiku la Sabata, ndipo muzipeza anzanu ocheza nawo maso ndi maso. Mukapeza tchuthi bwerani, mudzadye zinanazi zakupsa ndi kukwera Chambe. Amayi anu akufuna kukuonani ndi maso, osati pa foni pokha.