Madzi amene mng'ono wanga anamwa masana



Ramadhan ya chaka chatha, pa tsiku lachisanu ndi chinayi, ndinapeza mng'ono wanga kukhitchini akumwa madzi dzuwa lili paliwombo. Timakhala limodzi ku Leicester. Sindinamufunse kanthu, ndinangoyamba kukalipa kuti Ulaya wamuiwalitsa chimene mayi anatiphunzitsa. Iye anaika kapu pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achemwali, mwendo wakumanzerewu sindikuumva. Adokotala andipatsa mankhwala a masiku asanu."

Ndinkadziwa kuti ali ndi matenda otchedwa multiple sclerosis, kapena kuti MS. Koma poti ankayenda, kuseka ndi kupita kuntchito, mumtima ndinkati akudzinyengerera. Usiku umenewo nditabwera ku Taraweeh tulo sitinabwere, ndipo ndinayamba kufufuza.

Mitsempha ya muubongo ndi mumsana imakutidwa ndi chikopa chamafuta chotchedwa myelin, monga pulasitiki yokuta waya wamagetsi. Chikopachi chimathandiza kuti uthenga uziyenda mwachangu. Mwa munthu wodwala MS, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuukira chikopa chimenechi. Uthenga umachedwa kapena kuduka, ndiye diso limachita chifunga, mwendo umachita dzanzi, thupi limatopa ngati wasenza matumba. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndi amene anafotokoza bwino matendawa mu 1868. Mu 2020 anthu odwala MS padziko lonse ankawerengedwa kuti ndi pafupifupi 2.8 miliyoni, ambiri mwa iwo akazi.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene nkhondoyi imayambira. Maselo a chitetezo amalankhulana potumizirana timapuloteni tating'ono totchedwa ma cytokine. Tina timakuwa kuti kwabwera mdani, monga interferon gamma, IL-17 ndi TNF. Timeneti timafooketsa mpanda umene umalekanitsa magazi ndi ubongo, timaitana maselo ena ankhondo, ndipo pamalopo pamatupa. Tina, monga IL-10, timatontholetsa anzawo kuti nkhondo yatha. Tonseto n'tofunika. Interferon gamma yemweyo ndi amene amatithandiza kulimbana ndi chifuwa chachikulu cha TB. Vuto limabwera mfuu ikamveka pomwe palibe mdani.

Madokotala nawo anaphunzira izi movutikira. Mu 1987 anayesa kupereka interferon gamma kwa odwala MS 18, ndipo asanu ndi awiri matenda anawadzukira. Mu 1999 zotsatira za kafukufuku wa mankhwala otsekereza TNF zinaonetsa kuti nawonso anawonjezera vuto mmalo molichepetsa. Koma interferon beta, amene amachepetsa kutupako, anavomerezedwa ku America mu 1993 kukhala mankhwala oyamba ochepetsa kudzuka kwa matendawa. Mankhwala amene mng'ono wanga ankamwa sabata imeneyo anali methylprednisolone, ozimitsa kutupa matenda akadzuka.

Nditawerenga zonsezi ndinadziona ndekha. Chidwi changa pa Deen chinali chenicheni, monganso chitetezo cha m'thupi chimafunira thupi zabwino. Koma ndinakuwa pomwe panalibe mdani, ndipo amene ndinamuvulaza ndi magazi anga omwe. Mimba yanga inkasala, lilime langa ayi.

M'mawa titadzuka kudya dakwi, iye anadzuka nafe ngakhale sankasala, anatifuliranso tiyi. Ndinamugwira dzanja n'kupepesa. Anaseka pang'ono n'kuti, "Inu mumamva ludzu mpaka Maghrib. Ine chimandipweteka n'chakuti nonse mukumasula, ine ndilibe chomasula." Apo m'pamene ndinazindikira kuti kusasala kunali mayeso ake aakulu kuposa kusala kwanga.

Tinapita kwa Sheikh, ndipo anatikumbutsa kuti mu Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, Allah analola wodwala kusiya swaumu n'kudzabweza masiku ena, ndipo amene matenda ake sangamulole mpang'ono pomwe amadyetsa wosauka pa tsiku lililonse. Adokotala nawo anati matenda akakhala chete angathe kusala, bola akambirane kaye za nthawi yomwera mankhwala, ndipo azipewa kutentha chifukwa kumakulitsa zizindikiro. Masiku 21 amene anatsala anawabweza mu Disembala, pomwe masana kuno amakhala aafupi. Ena ndinasala naye.

Chaka chino, Alhamdulillah, wasala masiku khumi ndi awiri oyambirira. Mwendo sunabwerere mwakale, ndipo pa Swala amakhala pampando. Sitikudziwa kuti afika tsiku liti, ndipo ndasiya kumuwerengera.

Ophunzira amene mukufuna kudzachita za udokotala, limbikirani, chifukwa chithandizo chothetseratu matendawa sichinapezeke. Enafe, tikaona m'bale akumwa madzi masana kapena akuswali atakhala, tiyambe tamufunsa mmene wadzukira. Mumukumbukire mng'ono wanga m'ma dua anu pomasula. Allah achiritse odwala athu onse, ndipo alandire swaumu yathu. Ameen.