Ming'alu ya Pamsewu wa Liwonde



M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tidanyamuka ku Mangochi kupita ku nikah ya mbale wathu ku Liwonde, ulendo wa makilomita pafupifupi 75 pamsewu wa M3. Titayandikira pa Ulongwe, bambo wina wonyamula mbendera yofiira adaimitsa minibasi yathu. Tidadandaula poti msewu umaoneka wabwinobwino. Nanga akukonza chiyani?

Titatsika tidaona anyamata akusesa timing'alu topyapyala ngati ulusi. Adachotsa fumbi lonse, nathiramo phula lamoto, kenaka n'kuwaza mchenga pamwamba kuti lisamatirire kumatayala. Kapitawo wao adatifotokozera kuti phula siligwira ponyowa, n'chifukwa chake amathamangira mvula isadagwe.

Mdani wa msewu ndi madzi. Akalowa pamng'alu amafewetsa miyala ndi dothi la pansi. Lole ikadutsa, phula limatitimira n'kusweka ngati khungu la ng'ona, ndipo posakhalitsa pabadwa dzenje. Mvula ya namondwe Freddy m'Malichi 2023 idatisonyeza zimene madzi angachite kumisewu ya m'chigawo cha kumwera.

Gogo wina, msodzi wa ku nyanja ya Malombe, adaseka nati, "Aphunzitsi, izi si zachilendo. Bwato timalimata lili pamtunda. Ukadikira kuti udzamate lili pakati pa nyanja, ndiye kuti watsanzika ana."

Tidakhala chete. Dzenje limene limachedwetsa chambo kufika kumsika ndi lomwelo limachedwetsa mayi wapakati kufika kuchipatala usiku.

Ntchito yosamala misewu ikuluikulu idapatsidwa kwa bungwe la Roads Authority mwa lamulo la 2006, ndipo ndalama zina zimachokera pamsonkho wa mafuta agalimoto. Choncho msewu ndi chuma chathu tonse, ndi amana m'manja mwathu. Tisataye zinyalala m'ngalande za m'mbali mwake. Tisawotche matayala paphula kapena kutayirapo dizilo, pakuti amalisungunula. Tikaona mng'alu ukukula, tiuze amfumu kapena khansala. Paja Mtumiki Muhammad (SAW) adatiphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka anthu panjira ndi sadaka.

Ku nikah tidafika mochedwa, mpunga utazizira, koma tidafika amoyo, Alhamdulillah. Pomupatsa mkwati malangizo tidamuuza za anyamata a phula aja: kamng'alu ka m'banja akamate msanga mvula isadagwe.

Allah atisunge m'maulendo athu onse. Amin.