Chaka chino tikaone Nyika

Mtedza ukagulidwa bwino, ine ndi mayi a kunyumba tikaone Nyika basi. Anthu akuchokera ku Ulaya kudzagona ku Chelinda Lodge, ife a pa Kamwendo n'kumangomvera m'makutu. Njira ndi ya ku Kasungu, Mzuzu, Rumphi, kenako geti la Thazima. Kuchoka apo msewu ndi wafumbi mpaka ku Chelinda, umafuna galimoto yamphamvu, mafutanso kuthiriratu ku Rumphi. Ndikufuna nyumba yamatabwa ija, moto uli lawilawi mkati, m'mawa mbidzi ndi ntchefu zikudya msipu poyera. N'kodula, inde, koma mtima wanga wakhazikika pamenepo. Akuti mu Juni chisanu chimayeretsa udzu. Amene munafikako, mwezi wabwino ndi uti?