Nkhata ya Agogo

Akonzi a magazini ino anapempha kuti yense wofuna alembe chinthu chimene chinamuonekera iye mwini. Ine ndinayamba ndazengereza, pakuti nkhani yanga ili ndi manyazi pang'ono. Koma nditayang'ana nkhope za anzanga m'kalasi mwathu masiku ano oyandikira mayeso, ndinati ndilembe ndithu, kapena wina angapezepo thandizo.

Kwathu ndi ku Lirangwe, pa msewu waukulu wochoka ku Blantyre kumka ku Zalewa, kumene njanji ya sitima imadutsanso. Nditasankhidwa kudza ku sekondale ndinadzakhala kwa azakhali anga kuno ku Chileka, popeza kuyendera kuchoka kwathu sikukanatheka ayi. Agogo anga amasimba kuti kale ndege ikamveka anthu anali kusiya makasu m'munda nayang'ana kumwamba kufikira itabisika, ndi kuti pa 6 Julayi 1958, tsiku limene Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa bwalo la ndege la ku Chileka, khamu lalikulu linasonkhana kudzamulandira. Lero ndege imadzuka pa bwalo lomwelo koma palibe wotukula mutu. Aliyense ali pa liwiro: a kabaza, a minibasi, amayi a geni, ngakhale ife ana a sukulu.

Tsiku langa linali kuyamba 4 koloko m'mawa. Ndinali kukoleza mbaula, kuthandiza azakhali kukazinga mandasi amene amagulitsa m'mbali mwa msewu, kukatunga madzi ku mjigo, kusambitsa ana awo awiri, ndipo pomaliza kuthamangira ku sukulu. Poweruka ndinali kupeza mbale zikundidikira, ndiwo zosapatula ndi nsima yosaphika, kotero kuti mabuku ndinali kuwatsegula 9 koloko usiku, nthawi zina ndi tochi ya foni magetsi akazima. Sindilemba izi monga wodandaula za azakhali ayi, pakuti iwo anali kudzuka ine ndisanadzuke nagona ine nditagona. M'Folomu 1 ntchito zonsezi ndinazisenza bwino lomwe.

Zinthu zinatembenuka ndili m'Folomu 2, chaka cha mayeso a JCE. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya fulawa, shuga ndi mafuta ophikira inakwera, phindu la mandasi nilichepa. Kenaka mvula inadula pakati pa dzinja chifukwa cha nyengo ija amaitcha El Niño, ndipo pa 23 Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Ku Lirangwe chimanga cha amayi chinapserera chisanabereke.

Tsono taonani chimene foni inandichita. Kale nkhani yoipa inali kuyenda ndi miyendo kapena ndi kalata, nifika itazizira. Lero imafika ili yotentha. Madzulo ali onse amayi anali kuimba foni nandiuza kuti ufa watsala wa masiku atatu, kuti mlongo wanga wamng'ono akutsokomola, kuti mbuzi yagulitsidwa pa mtengo wolira. Iwo sanali kufuna kundivutitsa, anali kungofuna wowamvera. Akadula, mauthenga a pa WhatsApp ya kalasi lathu anali kuyamba: wina ati mayeso a chaka chino adzakhala ovuta koposa, wina ati iye watsiriza kale buku lonse la Masamu. Ine ndinali kuwerenga zonsezi kufikira pakati pa usiku.

Posakhalitsa tulo tinandithawa. Ndikagona pamphasa mtima unali kugunda ngati ndathamanga, mutu unali kuwawa tsiku ndi tsiku, ndipo tsamba limodzi ndinali kuliwerenga katatu osagwirapo kanthu. Tsiku lina ndinakalipira mwana wa azakhali chifukwa chotaya madzi a m'kapu, mwanayo nalira kwambiri, ine ndi kudabwa kuti mawu otere achoka m'kamwa mwanga. Pa mayeso otsiriza teremu yachiwiri ndinakhala ndi pepala la Masamu pamaso panga, mutu uli mbee, ngakhale masamu amene ndinali kuwadziwa bwino. Ndinalephera. Usiku umenewo ndinatsimikiza mumtima kuti ndisiya sukulu, ndikafune ntchito ya m'nyumba m'tauni, kuti ndizitumiza kangachepe kwa amayi. Sindinauze munthu aliyense.

Tchuthi chitafika ndinakwera minibasi kufikira pa Kameza, ndi kukweranso ina yodzera pa Lunzu, ndipo ndinafika kwathu dzuwa litapendeka. M'mawa mwake ndinanyamula ndowa kuti ndikatunge madzi. Agogo anali pakhonde akuothera dzuwa, ndipo anandiitana.

"Iwe mdzukulu wanga, tabwera kuno. Nkhata yako ili kuti?"

"Ndaiwala, Agogo. Mjigo uli pafupi, ndingosenza chomwecho."

"Khala pansi," anatero, natenga kachitenje kakale nayamba kukapinda mozungulira pang'onopang'ono. "Tandiuza, iwe wophunzira, kodi nkhata imachepetsa madzi a m'ndowa?"

"Iyayi, Agogo."

"Nanga imafupikitsa njira?"

"Iyayi."

"Tsono akazi onse a m'mudzi muno amaivutikira chifukwa ninji? Katundu ndi yemweyo, njira ndi yomweyo, koma wopanda nkhata amafika khosi litauma, ndipo mawa sadzukanso. Ine ndakuyang'ana chifikire dzulo. Maso ako alowa m'kati, nsima wadya mbamu ziwiri zokha. Iwe ukusenza kanthu popanda nkhata."

Pamenepo, anzanga, misozi imene ndinaisunga miyezi itatu inatuluka yonse. Ndinawauza za tulo, za Masamu, ndi za ntchito ya m'nyumba. Agogo sanandidule mawu ngakhale kamodzi. Nditatsiriza anandituma kutola timiyala, nati ndiike kamwala kamodzi pansi pa nkhawa iliyonse. Ndinaika tisanu ndi tiwiri: mvula, ufa wa amayi, chifuwa cha mlongo wanga, mtengo wa fulawa, ntchito za kwa azakhali, mayeso, ndi zonena za anzanga.

Agogo analoza koyamba. "Mvula ndi yako?"

"Iyayi, ndi ya Mulungu."

"Chotsa. Ufa wa m'nyumba muno ndi wako?"

Ndinakhala chete.

"Ndi wa amako ndi ine ndi amalume ako. Ine njala ya 1949 ndinaiona ndili kamwana, pamene anthu a dera lino la Lunzu ndi Lirangwe anali kukumba mizu m'tchire. Ndinaonanso chilala cha 1992 ndi njala ya 2002. Palibe njala imene inatha chifukwa mwana wa sukulu sanagone. Chotsa."

Motero tinachotsa kamodzikamodzi kufikira panatsala timiyala tiwiri: mayeso, ndi ntchito za kwa azakhali. "Iti ndito tako," anatero Agogo. "Koyambako ukasenze wekha, tsamba limodzi lero, lina mawa, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Kachiwiriko ukasenze ndi azakhali ako. Kodi unawauza kuti sukugona? Mutu umodzi susenza denga." Madzulo ake ndinawamva akulankhula ndi amayi kuseri kwa nyumba, ndipo kuyambira pamenepo amayi anayamba kuimba Loweruka masana okha, pokhapokha patagwa chinthu chachikulu.

Nditabwerera ku Chileka ndinagwada pamaso pa azakhali ndi mantha, ndi kuwauza zonse. Ndinayesa kuti adzati ndine waulesi. Koma iwo anagwira pakamwa nati, "Mwana wa achimwene anga, bwanji sunanene? Ine ndimayesa uli bwino, poti sudandaula." Tinapangana kuti mtanda wa mandasi tizikanda madzulo, kuti ine ndizidzuka 5 koloko, ndi kuti kuyambira 7 koloko kufikira 9 koloko usiku ikhale nthawi ya mabuku, munthu asanditume.

Ndinapitanso kwa aphunzitsi athu aakazi a Bayoloje, amene anazindikira kale kuti ndasintha. Iwo anandifotokozera chimene chinali kuchitika m'thupi mwanga, ndipo ndichilemba pano chifukwa chinandichotsa manyazi. Munthu akaona choopsa, monga njoka m'njira, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika, kuti munthu athe kuthawa kapena kumenyana. Njoka ikapita thupi limabwerera m'malo. Koma thupi silisiyanitsa njoka ya m'njira ndi njoka ya m'maganizo. Munthu akamaganiza za njala ndi mayeso usana ndi usiku, thupi limakhala lokonzeka kuthawa osapumula, ndipo zotsatira zake ndi kusowa tulo, mutu, kupsa mtima msanga ndi kuiwala. "Sunapenge, ndipo sunalodzedwe," anatero Madamu. "Thupi lako latopa ndi kulondera." Anandiuzanso kuti madokotala amalangiza kuti achinyamata a msinkhu wathu azigona maola 8 kufikira 10, pamene ine ndinali kugona anayi.

Anandisimbiranso za dokotala wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, amene anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu mzinda wa Harare. Iye anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi loyamba nalo. Ine ndinaseka, ndi kunena kuti benchi yotere ilipo kale pakhonde lina ku Lirangwe.

Tsono nazi nkhata zanga zinayi, zimene ndikusenzera kufikira lero. Yoyamba: Lamulungu madzulo ndimalemba nkhawa zanga zonse kumapeto kwa kope, ndi kudula mzere pa zimene sizili zanga, monga Agogo anachitira ndi timiyala. Yachiwiri: 9 koloko ikakwana foni ndimaipereka kwa azakhali, ndipo ndimaitenga m'mawa. Mauthenga amene ndinali kuopa kuti andipitirira ndimawapeza ali pomwepo, ndipo ambiri a iwo ndi mphekesera chabe. Yachitatu: mtima ukayamba kuthamanga, makamaka pepala la mayeso likaikidwa pa desiki, ndimaika cholembera pansi, ndi kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi kuutulutsa mochedwa koposa, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndisanawerenge funso loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yachinayi, imene ili yaikulu pa zonse: sindisunganso chinthu mumtima kupitirira sabata popanda kuuza munthu wamkulu kapena mnzanga wokhulupirika.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinakoma nthawi yomweyo. Chaka cha 2024 chinali chowawa ndithu kwathu. Amayi anayenda m'maganyu, mbuzi zinatha m'khola, ndipo masiku ena kunyumba anadya kamodzi. Mitengo ya zinthu sinatsike chifukwa ine ndagona bwino. Ndowa inali yodzaza monga kale. Koma mayeso a JCE ndinalemba ndi mutu wanga wonse, ndipo ndinakhoza, ngakhale Masamu ndinangodutsa pang'ono. Ndikadamvera maganizo a usiku uja, bwenzi lero ndikukolopa m'nyumba ya munthu wina, osati kulemba m'magazini ino.

Kwa inu anzanga a m'Folomu 2 ndi a m'Folomu 4, amene mayeso ali pakhomo, ndinena ichi: werengani timiyala tanu, muone tanu ndi ta eni. Ndipo ngati mwakhala masabata osagona kapena osadya, kapena mwayamba kuganiza kuti kukhala ndi moyo kulibe phindu, musadikire tchuthi monga ndinachitira ine. Uzani mphunzitsi, kholo kapena mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti wanu lero lomwe, ndipo akuperekezeni ku chipatala, pakuti vuto la maganizo lili ndi chithandizo monga malungo. Kwa inu aphunzitsi athu, ndipempha mwaulemu kuti mukaona mwana amene anali kukhoza wayamba kusinza m'kalasi, muyambe mwamufunsa za kunyumba musanamupatse chibalo.

Kachitenje kaja Agogo anandipatsa, ndipo ndimasenzera madzi m'mawa uliwonse kuno ku Chileka. Tchuthi chikubwerachi ndidzapita nako ku Lirangwe, chifukwa kayamba kung'ambika ndipo iwo analonjeza kundipindira kena.

Ndine mnzanu,
Mtsikana wa m'Folomu 4