Mazira Awiri pa Thanthwe la Roodekrans

Kumadzulo kwa Johannesburg, m'dera la Roodepoort, kuli munda waukulu wa zomera umene mu 2004 udapatsidwa dzina la Walter Sisulu. Kumapeto kwa mundawo madzi a mtsinje wa Crocodile amatsika pathanthwe lofiirira, mamita pafupifupi 70, n'kupanga mathithi a Witpoortjie. Anthu ambiri amapitako ndi madengu a zakudya, ena kukajambulitsa zithunzi zaukwati, ndipo amabwerera kwawo osadziwa kuti pambali pa mathithiwo, pakakhonde ka mwala kosafikirika, pali mulu wa mitengo youma umene ndi chisa cha ziwombankhanga zakuda.

Mphunzitsi wina wa masamu, mwana wa m'munsi mwa phiri la Mulanje, adafikako koyamba mwezi wa Epulo ataperekeza ana a sukulu. Adali atakhala ku South Africa zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo za mbalame sizidali kumukhudza. Kwawo mbalame yolusa sidali chinthu chochiyang'ana mosirira. Mphamba ikayamba kuzungulira pamwamba pa mudzi, ana ankakuwa ndi kuguguda zitini, thadzi n'kuthamangitsira anapiye pansi pa nkhokwe, ndipo mnyamata amene waphwanya dzira la mbalame yotere ankatamandidwa ngati wapha njoka. Tsono pamene mayi wina wachikulire, mmodzi wa anthu odzipereka amene akhala akulondera chisachi kuyambira mu 1992, adamuitana kuti asuzumire m'galasi loonera patali limene adaliimika pakapinga, mphunzitsiyo adavomera chifukwa cha ulemu chabe.

Chimene adaona chidali mbalame yakuda bii, ya miyendo yovala nthenga mpaka m'zikhadabo, itaima m'mphepete mwa chisa ndi kanthambi ka masamba aawisi kukamwa. Itatembenuka, pamsana pake padaoneka mizere iwiri yoyera yokumana ngati chilembo cha V. Kenaka idangodziponya m'malere, n'kutambasula mapiko otalika pafupifupi mamita awiri, osakupiza ngakhale kamodzi, mphepo yokwera ndi thanthwe n'kuinyamula ngati tsamba. Ana a sukulu adali atapita kale kukasewera ndi madzi. Iye adatsala pomwepo mpaka mnzake wa ntchito adabwera kudzamukoka.

Loweruka lotsatira adabwerera yekha, ndipo Loweruka linalo adabwereranso.

Kulondola chisa ndi ntchito ya munthu wosapupuluma. Pa maola anayi, atatu ndi theka palibe chochitika. Yaikazi, imene ndi yaikulu kuposa yaimuna, imakhala itafungatira, mutu wokha ukuonekera pamwamba pa mitengo; yaimuna imakhala pamwala wake, kapena imasowa kuseri kwa chitunda. Munthu amaphunzira kuwerenga zizindikiro zing'onozing'ono: nkhanga zikangoti zii pakati pa kulira, ndiye kuti mthunzi wadutsa, akhwangwala akayamba chipwirikiti mumlengalenga, ndiye kuti mwini thanthwe akubwera. Alonda a chisa aja ankalemba zonse m'kope, ola ndi mphindi zomwe, ndipo mphunzitsiyo, pokhala munthu wa manambala, adagula kope lakelake. Iwo adamuuzanso mbiri ya mbalamezo monga mmene munthu amafotokozera mbiri ya banja la mfumu: kuti yaikazi yotchedwa Emoyeni idakhala pathanthwepo zaka zoposa makumi atatu mpaka idasowa mu 2016, malo ake n'kutengedwa ndi Makatsa, kuti yaimuna yotchedwa Thulane idafika mu 1998 n'kudzasowa mu 2019. Mbalame zimasinthana, chisa chimakhala chomwecho, chikungokulirakulira chaka ndi chaka.

Panali chinthu china chimene iye yekha ndiye adachiona choseketsa. M'mabuku mbalameyi imadziwika ndi dzina la Mfalansa wina wogulitsa zinthu zachilengedwe, Jules Verreaux, ndipo akatswiri amati chakudya chake chenicheni ndi mbira. Kumapiri a Matobo ku Zimbabwe, mwachitsanzo, pafupifupi zonse zimene imadya ndi mbira basi. Koma ku Roodekrans nyumba, misewu ndi mipanda ya magetsi zidadya zitunda mpaka mbira zidachepa, ndipo mbalamezo zidatembenukira kwa nkhanga ndi nkhwali. Motero dzina la Chichewa, limene m'mapiri ena lingaoneke ngati bodza lonamizira mbalameyi, lidadzakhala loona kwenikweni pakati pa mzinda wa eni. Adayesa kufotokozera mayi wachikulire uja tanthauzo la liwu loti chiwombankhanga. Mayiyo adalilemba kumapeto kwa kope lake, chilembo ndi chilembo.

Nkhani ya mbira idamukumbutsanso agogo ake, amene ankakonda kunena kuti mbira idasowa mchira chifukwa chotuma anzake. Sadafune kuliganizira kwambiri liwulo. Mwezi uliwonse ankatumiza ndalama kumudzi, nthawi zina katundu kudzera kwa madalaivala a mabasi, koma iye mwini adali atatha zaka zisanu ndi chimodzi osapondako. Ngakhale maliro a mayi ake adawamvera pafoni, mayeso a ana ali mkati.

Mazira adaikiridwa awiri, lachiwiri patapita masiku anayi. Amaswa pakatha masiku pafupifupi 45, motsatana momwemo, ndiye kuti mwana woyamba amakhala atadya kale masiku angapo pamene mnzake akutuluka m'chikamba. Mwezi wa Juni, chisanu cha ku Highveld chikuluma zala, alonda aja adayamba kulankhula motsitsa mawu. Mphunzitsiyo adafunsa chimene chalakwika, ndipo adauzidwa kuti palibe cholakwika: wamkulu akupha wamng'ono, monga zimachitikira chaka chilichonse. Amamujompha pamutu ndi pamsana, kumutsekereza kuti asalandire nyama, mpaka atafooka n'kufa, kawirikawiri sabata isanathe. Azungu amatchula khalidweli ndi dzina la Kaini wa m'Baibulo. Mayi wina wotchedwa Valerie Gargett, amene adalondola mbalamezi ku Matobo kuyambira m'ma 1960 n'kudzalemba buku lotchedwa The Black Eagle, adawerenga pachisa chimodzi kuti m'masiku atatu wamkulu adajompha wamng'ono kokwana 1,569.

Mphunzitsiyo sadaone kujomphako. Chisa chili patali, ndipo m'mphepete mwake ndi motalika. Adangoona kanthu koyera kakutukuka ndi kutsika, kutukuka ndi kutsika. Chimene adachiona bwinobwino ndi mayi wa anawo. Adali ataima pambali, akukonza nthenga za pachifuwa ndi mlomo, nthawi zina n'kuyang'ana kutali kuchigwa. Pafupi naye padali nyama yokwanira ana awiri ndi kutsalako.

Akatswiri amati dzira lachiwiri ndi chikole. Loyamba likhoza kusukusa, kapena mwana wake akhoza kufa akangoswa. Zikatero wachiwiri amalowa m'malo, chaka cha makolo sichipita pachabe. Woyamba akakhala wamoyo, wachiwiri ntchito yake yatha. Kulera mwana mmodzi kumatenga pafupifupi chaka chonse, ndipo mbalame imene imakhala zaka makumi angapo imapindula kwambiri ndi mwana mmodzi wamphamvu kusiyana ndi awiri ofooka. Masamu ake ndi omveka, ndipo mphunzitsiyo adawamva msanga kuposa alendo ena onse amene adaima pakapingapo tsikulo. Mwina ndicho chifukwa chake adatseka kope n'kupita kukakhala m'galimoto nthawi yaitali asanalize injini.

Mu 1987, iye atasankhidwa kupita kusekondale, amalume ake adabwera madzulo n'kukhala pampando wa ndalema pakhonde. Masiku amenewo ngakhale pulayimale idali yolipira. Sukulu yaulere idadza mu 1994. Amalumewo adawerenga mbuzi, adawerenga matumba a nandolo, ndipo adagamula kuti ndalama ingakwanire mwana mmodzi. Mng'ono wake, amene adali Sitandade 6 ndipo pa masamu ankamuposa iye, adali chikhalire pamtondo, akumva zonse. Mayi awo ankapeta mpunga ndipo sadasiye kupeta. Chaka chotsatira mnyamatayo adayamba kuthyola tiyi kuesiteti, ndipo gawo la malipiro ake linkagula sopo ndi makope a mkulu wake. Pazaka zonse zotsatira, awiriwo sadaikambepo nkhaniyi.

Kwa milungu ingapo mphunzitsiyo ankabwera kuthanthwe ngati munthu wobwera kubwalo la milandu. Koma chisa sichisunga mlandu. Pofika Julayi mwana wotsalayo adali atakula ngati tambala, nthenga zofiirira zikuphuka pakati pa ubweya woyera, ndipo makolo ake adali pakalikiliki kumutulira nyama. Munthu akayang'ana nthawi yaitali chotero, fanizo limene adalipanga mofulumira limayamba kung'ambika m'misoko. Mbalame ilibe amalume, ndipo mayi wake sadali kubisa misozi m'lichero. Adali kungokonza nthenga. Koposa apo, mng'ono wa mphunzitsiyo sadafe. Adali ndi nyumba ya njerwa zootcha, munda wa chinanazi, ana asanu, ndi mawu amene ankamveka pamsonkhano wa mudzi. Ndiye adadwazika mayi awo, ndiye adawatseka maso. Kumuyesa kamwana kojomphedwa kamene kadagwa m'chisa kudali kunyada kwa mtundu wina, kunyada kwa munthu woganiza kuti moyo ndi umene iyeyo adaupeza basi. Izi mphunzitsiyo adazizindikira mwapang'onopang'ono, ndipo sizidamupepukitse mtima monga ankayembekezera.

Ogasiti adabwera ndi mphepo yake ya fumbi. Mwana wa chiwombankhanga adayamba kuima m'mphepete mwa chisa, kukupiza mapiko, kudumpha pang'ono n'kuteranso, zikhadabo zitagwira mitengo ngati akuopa kuti chisa chimuthawa. Makolo adayamba kuchedwa ndi chakudya. Amauluka pakatha masiku oposa 90 chiswereni, ndipo nthawi imeneyi imagwera mu Seputembala, mitengo ya m'mundamo itayamba kuphukira, anamzeze atabwerera kudzazungulira pamwamba pa madzi. Alonda aja ankabwera m'bandakucha, aliyense akufuna kuti ulendo woyambawo uchitike iye akuona.

Udachitika Lachiwiri, mphunzitsiyo ali m'kalasi. Loweruka adapeza chisa chili mbee, ndipo adatha theka la ola akufufuza thanthwe lonse ndi galasi asanamupeze mwanayo pamwala wina wam'munsi, nthenga zake zagolide ndi zofiirira zitafanana ndi mwalawo, akulira mosalekeza ngati wolakwiridwa. Mayi wachikulire uja adati akhala m'chigwamo miyezi itatu kapena inayi, akudyetsedwa ndi kuphunzira kusaka, kenaka makolo ake omwewo adzamupirikitsa, ndipo nthenga zakuda adzazivalira kwina patapita zaka zingapo. Kumene ana a pathanthweli amakathera, ambiri a iwo sadziwika.

Madzulo a tsikulo adaimba foni kumudzi.

“Achimwene, kuli bwanji kumeneko?”

“Kuno tadzuka, kaya inu ku Joni? Mwasowatu.”

Adayamba kufotokoza za mathithi, za galasi, za mwana amene wauluka. Mng'ono wakeyo adaseka mpaka kutsokomola.

“Ndiye mukuti mumachita kulipira pachipata kuti mukaone chiwombankhanga? Achimwene, ndalama zikukuvutani kusunga. Kuphiri kuno ziliko, zimauluka chaulere.”

“Zimaikira mazira awiri,” adatero mphunzitsiyo, mawu atayamba kulemera. “Koma wachiwiriyo…”

“Sakhala. Aliyense wokwera kukadula nsungwi amadziwa zimenezo.” Padali kachete pang'ono, tambala akumveka kulira chapatali. “Zimenezo n'zambalame, achimwene. Ine ndimati ndikufunseni za chiliza cha amayi. Simenti munatumiza ija yayamba kuuma m'matumba, ndipo mvula ikangoyamba sitimanganso chaka chino. Akuluakulu akuti sangaike mwala mwana woyamba palibe. Ndalama zafika, koma akufuna inuyo.”

Atatseka foni, mphunzitsiyo adatsegula kope lake la mbalame, patsamba limene adalembapo tsiku limene mwana adauluka. Sukulu zinkatsekera kumapeto kwa mwezi womwewo, tchuthi chachifupi cha sabata imodzi. Pansi pa manambala a chisa adayamba kuwerengera: masiku awiri pabasi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ngati pazipata palibe mizere, masiku awiri pobwerera, atatu otsala. Adawerenganso kachiwiri, kenaka adadzuka kukafunafuna pasipoti m'sutikesi ya pansi pa bedi.